Mapiri a M'matope a Bwanje

Mpunga ukayamba kucha ku Bwanje, mbalame sizidziwa Lolemba kapena Lachisanu. N'chifukwa chake Fagness, mtsikana wa Folomu 1, anali atajomba sukulu sabata yathunthu, akuingitsa mpheta m'munda mwa bambo ake, a Bizwick.

"Sukuluyo siithawa," anatero a Bizwick. "Upitanso tikakolola."

Fagness chinamuwawa. Tsiku lomaliza lomwe anali m'kalasi, aphunzitsi anaonetsa chithunzi cha Mekyule, dziko lamiyala loyandikana ndi dzuwa. Pamenepo panali chidzenje choti Malawi yense n'kulowamo, ndipo mapiri anachizungulira ngati mkombero wa lichero. Akuti chimwala chochokera mumlengalenga ndicho chinachita zimenezo. Koma mwala n'kumanga phiri bwanji? Belu linalira asanafunse.

Tsopano ali kumunda kuja masana, mkwiyo utamukwera, anatola chimwala n'kuchiponya pamatope a m'mbali mwa ngalande. Phwa! Matope anam'thovukira mpaka kumaso. Atapukuta, anangoti kakasi. Mwala unali utamira, ndipo m'mphepete mwa dzenjelo matope anatukuka mozungulira, timapiri tosongoka, tina titagumukira m'kati.

"Iwe! Mbalame zikudya, iwe uli pamasanje?" A Bizwick anatulukira ndi khasu paphewa.

"Ababa, tabwerani muone Mekyule!"

"Mekyule ndi mwana wa yani?"

Fagness anafotokoza mawu akuphangirana. A Bizwick ananjuta, nayang'anitsitsa kamkombero kaja.

"Ukuti kumwambako aliko mapiri enieni otere? Mwala umodzi?"

"Umodzi wokha, ababa. Nthaka inachita kuwinduka ngati phala."

Bambowo anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumadzulo, kumene mapiri a Dedza aima ngati khoma pamwamba pa Mua. Anabadwira m'tsinde mwake, anawakwerapo kangapo popita kumaliro, koma tsiku limenelo anawaona ngati alendo.

"Nanga athuwa? Tikukhala m'dzenje ifenso?"

"Kaya. Aphunzitsi anati za mapiri akwathu adzaphunzitsa sabata ino."

"Sabata ino? Ndiye lero n'lachingati?"

"Lachinayi."

Mpheta zinatera pampunga, koma palibe anazikuwiza. A Bizwick anatola mwala wawo, wokulirapo, nauponya. Phwa! Anaweramira dzenjelo nthawi yaitali, matope ali mbuu pamalaya.

"Mawa ulawirire," anatero osacheuka. "Mbalamezi ndithana nazo ndekha. Koma ukafunse bwinobwino, wamva? Madzulo udzandiuze amene anakumba chigwa chino."