Nyimbo ya M'chipinda cha Makoswe

Hidaya anazindikira zachilendozo Lolemba m'mawa, akuonera zimene kamera inajambula usiku. Ankathandiza pa kafukufuku wa ubongo pa labotale ina yaing'ono kufupi ndi pa Boma ku Chiradzulu, ndipo ntchito yake inali kulemba nthawi imene makoswe oyera makumi awiri amadya, kuthamanga ndi kugona. Khoswe usiku sakhazikika. Koma itangokwana 2 koloko, onse anasiya kuthamanga n'kusonkhana kutsogolo kwa timakola tawo, makutu ali tcheru, maso ali pakona yopanda kanthu. Anakhala choncho mphindi khumi. Kamerayo sinkajambula mawu.

Lachiwiri zomwezo, Lachitatu zomwezonso. Adokotala oyang'anira kafukufukuyo anati pali wina amene akulowa usiku n'kumasokoneza nyamazo, ndipo zikapitirira mlonda achotsedwa ntchito. Mlondayo anali a Rafaeli, bambo wachikulire wa ku Milepa, amene chimwalirireni akazi awo chaka chatha sankalankhulalankhula.

Lachinayi Hidaya sanapite kwawo. Anadzikhomera m'chipindamo n'kukhala pansi m'kuwala kofooka kwa getsi lofiira, akumva timapazi tikupalasa utuchi ndi mphepo yochokera kuphiri ikugwedeza malata. Kenaka zonse zinangoti zii. Ndipo chapansipansi, m'chipinda momwemo, anamva mawu aakazi akung'ung'udza nyimbo ngati mayi amene akugoneka khanda. Thupi lonse linachita tsemwe. Anakwawira kuchitseko n'kutsegula pang'onopang'ono.

A Rafaeli anali atakhala pakhonde, chipewa chili m'manja, khutu ataligunditsa kukhoma.

"Bambo," ananong'ona Hidaya, "ndi foni yanu imeneyi?"

"Foni ndilibe, mwanangu. Kiyi wa m'menemonso ndilibe."

"Nanga akuimbayo ndani?"

Bamboyo anapukuta m'maso ndi chipewa chija. "Mayi akunyumba, a Idesi, anasesa muno zaka zisanu ndi chimodzi. Ankaziimbira nyamazi kuti zisamaope tsache. Ine ndimangobwera kudzamvetsera. Akandichotsa pano ndizikawamvera kuti? Kunyumba sabwera."

Hidaya anafuna kuthawa, koma sanathawe. Anakhala pasimenti yozizira pambali pawo, ndipo bamboyo anamufunditsa jekete lawo. Anamvetsera onse awiri mpaka nyimboyo inazilala, timapazi tija n'kuyambanso kupalasa.

Kutacha, adokotala anamufunsa zimene anapeza.

"Ndagona momwemo, adokotala. Chitseko chinali chokhoma, sanalowe munthu. A Rafaeli alibe mlandu."

"Ndiye chikuchititsa n'chiyani?"

"Sindikudziwa," anayankha Hidaya, ndipo sankanama.

Adokotala anapukusa mutu n'kulamula kuti agule kamera yojambula ndi mawu omwe. Madzulo ake Hidaya anakawauza a Rafaeli, ali ndi nkhawa kuti akhumudwa. Iwo anafunsa mwamanyazi:

"Ikawajambula, mwanangu, mungadzandipatseko?"