Beringi Yolira Injini Itazima

Phokosolo linayamba usiku wachiwiri chifikireni makina obowola mjigo pamalopo. Makaniko wa gululo, bambo wa imvi amene anakalambira pa ntchitoyi, anadzidzimuka mu tenti atamva kulira kwapansipansi, kwii, kwii, ngati mpeni pa nolo. Kulira kumeneko ankakudziwa bwino: ndi mmene imalirira beringi, kachitsulo kothandiza makina kuzungulira, ikayamba kudyeka. Koma injini inali itazima dzuwa lisanalowe.

Anatenga chitsulo chake chachitali chomvetsera, nayenda mumdima wa ndiweyani. Anakwera mpaka pa mutu wa makinawo, umene umazunguza mapaipi, nagunditsa nsonga ya chitsulocho pamene pamakhala beringi, mbali inayo pakhutu. Ponse panali pozizira ndi mame. Koma mkatimo chinthu chinkazungulira, chikulira.

Kutacha anaimitsa ntchito, popeza amene ankaima pansi pa mutuwo tsiku lonse anali mkamwini wake, ndipo mutu wotero beringi ikaphwanyika suona nkhope. Anamasula zonse. Girisi anali woyera, wopanda ndi kachitsulo komwe, beringi ili gwa. Kapitawo anangoti kukamwa yasa.

Mphekesera sizinachedwe. Ena ankati nthaka imeneyo ikukana kubowoledwa, ena ankati ndi mzimu wa munthu amene anaphwanyidwa ndi makina omwewo kalekale. Usiku wotsatira kulira kuja kunakula, ndipo m'mawa anamasulanso, osapeza kanthu.

"Madala, mukandiimitsanso chabe, mulongedze," anatero kapitawo, osakweza mawu.

Usiku wachinayi makaniko uja anadzutsa mkamwini wake. Anakwera onse awiri, mphepo ili zii, ndipo anamupatsa chitsulo chija.

"Tamverani apa," ananong'ona.

Mkamwiniyo anamvetsera nthawi yaitali, mpweya ataugwira. "Bambo, ine sindikumva kanthu."

"Mverani bwino!"

"Kuli chete, bambo. Pepani."

Makaniko uja anatsika. Anayenda yekha kudutsa matenti, kudutsa mulu wa mapaipi, mpaka makinawo anamezedwa ndi mdima kumbuyo kwake. Kulirako sikunachepe. Anatseka makutu onse awiri ndi zikhato, mwamphamvu, ndipo pamenepo m'pamene kunamveka bwino kuposa kale lonse. Mantha anamugwira. Anakhala pansi pa udzu wonyowa mpaka kum'mawa kunayera, osauza munthu aliyense.

Dzuwa litatuluka injini inalira, mapaipi nkuyamba kuzungulira. Monga mwa masiku onse, ntchito inkadikira khutu lake. Anagunditsa chitsulo. Kwii, kwii. Anasuntha nsonga, nasintha khutu, koma sanathe kusiyanitsa ngati ndi beringi kapena ndi m'makutu mwake momwe.

"Ili bwanji?" anakuwa kapitawo. "Tipitirize?"

Kugwedeza mutu kamodzi kokha movomera kukanamusungira ntchito. Anayang'ana pansi. Mkamwini wake anali ataima kale pamalo pake, manja pa zowongolera, maso ali kwa apongozi ake, akudikira mopanda nkhawa iliyonse.

"Zimitsani," anatero makaniko uja.

"Yathanso beringi yanuyo?"

Anatsika pang'onopang'ono, naika chitsulo chija m'manja mwa kapitawo.

"Sindikudziwa, bwana. Itanani wina amene akumva."