Chimphona Ankalidziwa Geti

Tsiku limene makina oumitsira tsitsi anapsa ku saluni ndi tsiku limene mwana wanga anamuona koyamba mnyamata wa magetsi uja. Koma woyamba kulowa sanali iyeyo. Anali galu wake, chigalu ngati thole, chimene chinakankha chitseko ndi mphuno n'kukatsamiritsa chimutu chake pamiyendo pa mayi amene ankalukidwa tsitsi.

Mayiwo anakuwa. Mwana wanga anaseka mpaka chipeso chinagwa.

"Musaope, saluma," anatero Wamagetsi. "Chimphona amangokonda anthu. Ndiponso amadziwa kusankha okongola, taonani kumene akuyang'ana!"

Mawu otere ine ndinawamvapo kale, ndipo anandisiyira ana atatu. Koma mwana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri ungamuuze chiyani?

Foni sinapumenso. "Duwa langa, wadzuka bwanji?" "Wapamtima, popanda iwe chakudya sichikutsika." Itatha miyezi isanu, Wamagetsi anati ntchito yamusamutsira ku tauni ina yakutali. Anabwera ndi galu pakhomo pathu, chingwe n'kuchiika m'manja mwa mwana wanga.

"Mphete ndilibe panopa, dalingi. Chikole changa ndi Chimphona. Ndikangopeza nyumba ya mpanda, ndidzabwera kudzakutengani nonse awiri."

Chikole chakudya! Chikole chosiya ubweya pa sofa! Miyezi isanu ndi itatu ndinasesa ubweya umenewo. Koma ndisaname, galuyo ankamuperekeza mwana wanga ku ntchito m'mawa uliwonse, n'kugona pakhomo pa saluni mpaka aweruke.

Kenako eni nyumba anatopa. "Galu achoke pofika Loweruka, apo ayi muchokere limodzi."

Mwana wanga analembera bwenzi lakelo. Yankho linabwera: "Pirira pang'ono, duwa langa, ndikukonza zinthu." Zitatero foni zii. Koma adiresi anali nayo, chifukwa anamutumizirapo bokosi la zida limene anaiwala. Lachisanu m'mawa anamanga chikwama.

"Amayi, ndikupita naye konko. Ndikamudzidzimutse!"

Ndinangomuikira botolo la madzi ndi mbale ya galu m'chikwamamo.

Ku depoti mabasi atatu anawakana.

"Achemwali, mwana wa ng'ombeyu akhala pati? Pamiyendo panga?" anafunsa kondakitala wachitatu, anthu n'kuseka.

Mwana wanga anakhala pa benchi, misozi ili m'maso. Chimphona, wosadziwa mavuto, anapita kukagoneka mutu pamapazi a mayi wina wogulitsa nthochi.

"Iwe, usandizolowere! Ndine mkazi wa mwini!" anatero mayiwo, uku akumukanda kukhutu. Atamva nkhani yonse, anasiyira mnzawo dengu, n'kuwoloka msewu kupita pa lole imene inkapakira matiresi.

"Achimwene, tsiku ndi tsiku ndimakusankhirani nthochi zabwino. Lero mundinyamulire mwana wangayu ndi mlamu wake."

Dalaivalayo, bambo wa imvi, anamuyang'ana galuyo kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"Amasanza m'galimoto?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye aposa apongozi anga. Kwerani."

Ulendo unali wa maola asanu. Chimphona anatulutsa mutu pawindo, makutu ali petupetu, ana a m'mbali mwa msewu n'kumamubayibitsa. Pomwetsera mafuta, mtsikana wa pampu anathamanga kukamutungira madzi m'beseni osapemphedwa. Dalaivala anagawa buledi wake patatu.

Mwana wanga, mtima utadzaza, anayamba kuwawerengera bambowo mauthenga a m'foni. Iwo anamvetsera, maso ali pamsewu.

"Wabwerapo kangati kudzakuona?"

"Ntchito imamuchulukira, bambo."

"Ehe. Tikafika, ine ndikudikira panja."

"Musavutike, mwandithandiza kale."

"Ndili ndi ana aakazi anayi ine. Matiresi sathawa. Ndidikira."

Anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Asanakhote n'komwe mumsewu wa nyumbayo, Chimphona anayamba kulira, mchira ukumenya mpando. Chitseko chitangotsegulidwa anadumpha, chingwe chikukwekwereka pambuyo. Anathamangira pa geti lobiriwira, n'kuimirira ndi miyendo iwiri, n'kukankha kachitsulo kotsekera ndi phazi. Geti linatseguka.

Galu angadziwe bwanji kutsegula geti limene sanalionepo?

M'katimo munali mayi wobereka mwana kumbuyo, akuyanika zovala. Beseni linamugwa m'manja.

"Kadontho! Kadontho wanga!"

Chigalu chonse chija chinagona chagada, chikulira ngati kamwana. Mayiyo anagwada, akuseka uku akulira.

"Mwamupeza kuti, achemwali? Ndinamulera ndekha ndi botolo ameneyu! Amuna anga anamutenga kuti azikawalondera zida kumene anakagwira ntchito, pobwera anati anagundidwa ndi galimoto. Ndinalira sabata yathunthu!"

Mwana wanga anayang'ana pachingwe cha zovala. Panali ovolosi ya buluu, thumba lake losokedwa ndi ulusi wofiira. Anasoka yekha thumba limenelo, pa sofa yanga.

Mayi uja anamukokera mpando, n'kumupatsa madzi. Mwana wanga anangotsegula foni n'kuipereka.

Mayiyo anawerenga nthawi yaitali.

"Duwa langa," anatchula pang'onopang'ono. "Inenso ndinali duwa." Anabweza foniyo, n'kupukuta maso ndi nsonga ya nsalu yoberekera mwana. "Wolakwa si inu. Galu wanga mwamusunga bwino, taonani kunenepa. Mwadya?"

Nthawi yomweyo geti linalira. Wamagetsi analowa, chikwama cha zida paphewa. Chimphona, chitsiru chokonda aliyense, anamudumphira mwachimwemwe. Koma mwamunayo anauma ngati mtengo.

"Dalingi..."

"Uti?" anafunsa mkazi wake.

Pakamwa panangoti yasa, mawu osatuluka. Munthu wa mawu okoma uja!

Mwana wanga anaimirira. Anatola chingwe pansi n'kuchiika m'manja mwa mayi uja, pamodzi ndi mbale ija.

"Ndi wanu. Asamadye mafupa a nkhuku, amamutsamwa."

Galuyo anamutsatira mpaka pageti, n'kumunyambita dzanja. Pamenepo m'pamene misozi inatsika. Anandiuza yekha kuti ankalirira galuyo kuposa Wamagetsi uja.

Lole inali pomwepo. Dalaivala anangotsegula chitseko, n'kumupatsa kampango kopukutira thukuta, konunkha dizilo. Atatsitsa matiresi anamuperekeza ku depoti, n'kuima pambali mpaka basi itanyamuka.

Bambowo dzina lawo sindilidziwa. Mtsikana wa pampu sindidzamuona. Mayi wa nthochi ndinakawapeza Lolemba kuti ndiwathokoze, koma iwo anangofunsa kuti, "Nanga mlamu uja anafika bwino?"

Mauthenga a "duwa langa" mwana wanga anawafufuta onse. Pali umodzi wokha umene amausunga. Unabwera patatha mwezi, kuchokera kwa mkazi wa Wamagetsi uja: chithunzi cha chigalu chitagona pakhonde, khanda litatsamira pamimba pake. Pansi pake analemba kuti, "Akamva lole amathamangira pageti. Zikomo, achemwali."