Nkhope Yobwereka

Giacinta ndi mwamuna wake Ottavio ankakondana moti anansi awo mu Roma ankawasirira. Ottavio ankapaka phula pa chimbale cha mkuwa, n'kujambulapo ndi singano ziboliboli zakale zofukulidwa m'mabwinja. Akachimiza mu asidi, mkuwa unkadyeka motsata mizere ya singano ija. Giacinta ankapakapo inki n'kusindikiza, ndipo alendo ankagula zithunzizo n'kupita nazo kwawo. Akaweruka, Ottavio ankamupukuta inki ndi mafuta a azitona, chala chimodzichimodzi.

Tsoka lidadza ndi chiboliboli cha mulungu wamkazi wamaliseche, chomwe chidafukulidwa chopanda mutu. Ogula sankafuna chithunzi choduka, choncho ojambula ankabwereka nkhope ya munthu wamoyo. Ottavio adayamba kumachoka masana osanena kopita.

"Achemwali, maso muli nawo koma?" adatero mayi wogulitsa buledi, uku akuseka. "Mulungu wanu uja si Nunziata wochapa zovala? Mzinda wonse ukudziwa. Inu n'kumamusindikiza ndi manja anu!"

Ha, lilime lilibe fupa! Giacinta adabwerera ku ntchito. Pepala lililonse limene ankalimatula pamkuwa, Nunziata ankamumwetulira.

"Mudangoona nkhope yokha, kapena ndi zinazi?" Giacinta adamufunsa mwamuna wake tsiku lachitatu.

"Akazi anga, ndi ntchito chabe."

"Ntchito! Ine ndilibe nkhope? Ndine kadzidzi?"

"Zisiyeni izi, simungamvetse."

Mawu amenewo ndiwo adamumaliza. Giacinta adanyamula mtsuko wa asidi n'kumukhuthulira Ottavio kumaso.

Pa tsiku la mlandu Ottavio adalowa chogwidwa dzanja, maso atakulungidwa nsalu.

"Bwana," adauza woweruza motsitsa mawu, "Nunziata amajambulidwa ndi ojambula ambiri, sizimuvuta. Koma nkhope ya mkazi wanga ndikadaiika bwanji pathupi lamaliseche, kuti amuna a maiko onse azikaipachika kuchipinda? Ndidachita manyazi kumuuza. Musamulange kwambiri, amadwala chifuwa kukazizira."

Giacinta adakhala pansi. Woweruza adamulamula kukhala m'ndende zaka khumi ndi ziwiri.

Nsanje, anzanga, sidikira yankho. Ndipo chikondi chosanena mawu chimavulaza mwini wake yemwe. Lamulungu lililonse Ottavio ankafika pachipata cha ndende, akupapasa khoma, atanyamula bulangeti kapena msuzi wotentha. Giacinta ankalandira akulira, koma nkhope imene adaitchinjiriza ija mwamunayo sadaionenso.