Khoma Limene Linaitana Kingston

Tchalitchi cha kumtunda kwa Champiti chilibe ngodya. Ansembe amene anachimangitsa m'zaka za m'ma 1960 anabwera ndi mmisiri wakunja, ndipo iye anaumba chinyumba chozungulira cha konkire, denga lake litakhala pa chipilala chimodzi chachikulu chapakati ngati ambulera, mazenera ake timizere ta magalasi ofiira ndi obiriwira. Anthu anachiyang'ana n'kuchitcha Nkhokwe, ndipo dzinalo linakakamira. Masana n'chokongola ndithu, koma dzuwa likapendeka mdima umalowa m'katimo kunja kukadali kowala.

Amene ankatseka tchalitchicho madzulo anali a Ngozo, mkulu wa mpingo, mlimi wa kachewere amene ankaseka aliyense wokamba za mizukwa. Dzina lawo lapaubwana linali Kingston, koma panalibe wamoyo amene ankawatchula choncho. Ngakhale akazi awo, a Malita, ankangoti a Ngozo. Omaliza kuwaitana ndi dzinalo anali mayi awo, amene anagona kumanda kalekale.

Tsiku lina a Ngozo anabwera kunyumba makiyi akulira m'manja mwawo.

"Andiitana," ananong'oneza akazi awo.

"Ndani?"

"M'khoma. Ndimatseka zenera lakumadzulo, ndangomva pakhutu pangapa, 'Kingston, bwera kwanu.'"

"Ndiye inu mwatani?"

A Ngozo anayang'ana pansi. "Ndavomera. Ndati wawa."

A Malita anathamangira kukakhoma chitseko. Ngakhale mwana amadziwa kuti ukaitanidwa mumdima ndi munthu amene sukumuona, suvomera. Ukavomera ndiye kuti wadzipereka.

Mawa lake a Ngozo anapitanso, poti mwamuna safuna kuoneka wamantha, ndipo mawu aja anabweranso, otsika, achizimayi, ngati a munthu amene walira mpaka kutopa. Anapitanso kachitatu, n'kuwamvanso. Kuyambira pamenepo chakudya chinawakana. Usiku ankadzuka, kukhala pansi, kugonanso, kudzukanso kukagwira chitseko. Kuchipatala cha pa Boma anawayeza magazi koma sanapeze kanthu. Munda wa kachewere unamera thengo.

Mphekesera nazo sizinagone. Ena ankati pomanga tchalitchicho waganyu wina anagwera mu konkire n'kukwiriridwa momwemo. Ena ankati m'nyumba yopanda ngodya mizimu imasowa pokhala, n'chifukwa chake imangozungulira. Akwaya anayamba kuphunzira nyimbo pansi pa mtengo. Koma tsiku limene a Ngozo anaitana mphwawo n'kuyamba kumugawira makasu, a Malita mantha awo anasanduka ukali. Sanafune kukhala wamasiye chifukwa cha khoma.

Dzuwa litalowa anatenga makiyi n'kupita okha. M'katimo munali fungo la mileme ndi makandulo akale. Kufiira kwa magalasi kunali kuzima pang'onopang'ono, ndipo denga linkathetheka apa ndi apo pamene linkazizira. Anaima pazenera lakumadzulo. Kenaka, pafupi kwambiri, ngati pakamwa pali paphewa pawo:

"Kingston. Bwera kwanu. Ndatopa kukudikira."

A Malita analuma nsonga ya chitenje kuti liwu lisawapulumuke. Anagwira khoma n'kuyamba kulitsata, phazi ndi phazi. Akapatuka pang'ono mawu ankasowa, akabwerera kukhoma mawu ankabweranso. Atazungulira kuseri kwa chipilala, pafupi ndi kachitseko kakumbuyo kamene sikankakhomedwa, anapunthwa pa miyendo ya munthu.

Anali a Dailes, mayi wamasiye wogulitsa tomato, atagwada, chipumi chili pakhoma. Mwana wawo anapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo foni yake inasiya kulira chaka chatha.

"Mayi, mukutani muno mumdima?" anafunsa a Malita.

"Kunyumba ndikalira ana amamva. Muno ndimangouza Mulungu."

"Mwana wanu uja, Kingi uja, dzina lake lonse ndani?"

"Kingston. Si ndinamutcha dzina la amuna anu? Mwaiwala?"

A Malita anakhala pansi, kuseka ndi kulira zitasakanikirana. Anakumbukira kuti ali mtsikana, mpingo usanagule zokuzira mawu, wansembe ankalalikira motsitsa koma aliyense ankamva, chifukwa mmisiri uja anapinda khoma dala kuti lizinyamula mawu. Masipika atabwera, anthu anaiwala zimenezo.

Koma a Ngozo sanakhulupirire. "Mukundinyengerera ngati mwana," anatero atayang'ana kukhoma la kuchipinda. Choncho azimayi awiriwo anapangana kuti mawa dzuwa likamalowa, a Dailes adzalowere kachitseko kaja n'kugwada pamalo awo, kuti mwiniwake adzimvere yekha.

Madzulowo a Malita anafika nawo amuna awo atawakolekera paphewa, opepuka ngati mtolo wa mapesi. Analowera khomo lalikulu n'kuwaimika pazenera lakumadzulo. Kuseri kwa chipilala kunali bii. Anadikira, a Ngozo akupuma movutikira, maso ali kukhomo ngati ofuna kuthawa. Kenaka mawu anatuluka m'khoma, ofewa, osafulumira.

"Kingston. Bwera kwanu."

"Mwawamva?" ananong'oneza a Malita mokondwa. "Ndi a Dailes amenewo. Avomereni, a Ngozo, mantha akutherani pompano."

A Ngozo anapukusa mutu.

"Vomerani, ndikukupemphani. Ndine ndikukuuzani."

A Ngozo anatembenukira kukhoma. "Wawa," anatero. Atangotero mapewa awo anatsika, ndipo anaseka pang'ono, kuseka koyamba chiyambire matendawo.

Nthawi yomweyo khomo lalikulu linalira kumbuyo kwawo. Analowa a Dailes, wefuwefu, dengu la tomato likadali pamutu.

"Pepani, mayi, ndachedwa kumsika," anatero. "Ndapeza kachitseko kaja n'kokhoma. Ndikagwade tsopano?"

A Malita anafinya dzanja la amuna awo. Koma a Ngozo sanawayang'ane. Anali atatsamira kukhoma, khutu lili pa konkire, akugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati mwana amene akuuzidwa njira.