Dothi la Pansi pa Mpando

Kalisto anatseka galaja ya ku Mulhuddart mu mzinda wa Dublin 11 koloko ya usiku itadutsa, basi yomaliza itapita kale. Chinamuchedwetsa ndi galimoto yakale ya abwana ake, a Harry, ya zitseko ziwiri ndi mipando yachikopa, yomwe kale inkathamanga mipikisano yodutsa mayiko a mu Africa kwa masabata athunthu. Poyeretsa pansi pa mpando wa kumanzere anapeza dothi lofiira, katondo weniweni ngati wa kwawo ku Mchinji. Munthu woti watha zaka sikisi osaponda kwawo, mtima unamuwawa. Analikokolola n'kulimanga m'kapepala kuti akamuonetse mkazi wake Tupochele, yemwe anali m'chikuta ndi khanda la masiku teni.

Kamvula kankawaza. Anauyamba wapansi, ndipo atafika pa manda akale a pamtunda, anamva mapazi kumbuyo. Atacheuka anaona bambo wovala ovololo yoyera, chipewa cholimba cha oyendetsa galimoto za mpikisano chili kukhwapa, mapepala m'manja. Mvula yonse ija, munthuyo anali wouma gwa, fumbi lofiira mpaka m'nsidze.

"Mamita thu handiredi, mukhote kumanja," anatero bamboyo m'Chinyanja, maso ali pa mapepala.

Kumanjako n'kumene kunali kunyumba kwa Kalisto.

"Pepani achimwene, tikudziwana?"

"Musachepetse liwiro. Tachedwa."

Apa m'pamene Kalisto anakumbukira. Kumudzi ngakhale mwana amadziwa kuti dothi la pomwe pafera munthu salinyamula wamba, limabwera ndi mwini wake. Koma ndani angaganize za maliro akupukuta galimoto ku Dublin kuno? Iye, bambo wamkulu ndi ndevu zake, anali kutengera chinthu chimenechi kunyumba ya khanda losatuluka m'chikuta!

Anasolola kapepala kaja n'kukaponya kuseri kwa mpanda wa manda. Liwiro!

Msewu unali zii. Anathamanga mpaka chifuwa kutentha. Anaima. Anamvetsera...

"Patsogolo pali mlatho. Wopapatiza."

Mayo! Mawuwo anali pakhutu penipeni. Anayang'ana manja ake pansi pa getsi la mumsewu. Katondo anali thoo m'zikhadabo, m'mizere ya zikhatho, m'mikono ya juzi. Anapukutira pa udzu wonyowa. Osachoka.

Pageti la nyumba yake sanalowe. Anaimbira a Harry n'kuwafunsa amene ankakhala pa mpando wa kumanzere uja.

A Harry anati: "Douglas, wa ku Chipata. Ndiye ankawerengera bambo anga mapu. Mu 1979 anagubuduzika pa mlatho wina usiku, Douglas n'kufera pampando pomwepo. Bambo anaibweretsa kuno galimotoyo, koma pansi pa mpandowo sanalole munthu kukhudzapo mpaka imfa yawo. Wafunsiranji?"

Kalisto anadula foni. Kumbuyo kwake mapepala anapindidwa mwakachetechete.

"Tafika," anatero mawu aja.

Chitseko chinatseguka. Tupochele anaima pakhomo, khanda lili pachifuwa, akumwetulira ndi tulo m'maso. Anayang'ana kupitirira phewa la mwamuna wake n'kupinda bondo mwaulemu.

"Inu a Kalisto, mpaka kuwaimika alendo pamvula? Lowani bambo, takulandirani."