Chidindo pa Sopo wa Nasopo

Dzuwa likamalowa, mayi wamasiye amene mudzi wonse unkamutcha Nasopo ankalowa m'kachipinda ka kuseri kukatembenuza sopo wake. Ntchitoyi inali ya tsiku ndi tsiku, pakuti sopo wopanga pamanja amayenera kuuma milungu isanu ndi umodzi. Akafulumira kukhudza thupi, amawotcha. Lusoli analiphunzira chifukwa cha mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, yemwe khungu lake linkang'ambika ndi sopo aliyense wa m'sitolo. Wa Nasopo, wa mafuta a mpendadzuwa ndi mkaka wa mbuzi, analibe fungo kapena mtundu, ndipo ndi yekhayo amene mwanayo ankasambira osalira.

Madzulo ena anapeza mtanda umodzi wa sopo uli ndi chidindo cha chala chachikulu, cholowa kwambiri, ngakhale sopoyo anali atauma gwa. M'chipindamo munkamveka fungo la dothi lokumbidwa kumene. Poidandaula ntchito ya milungu yonseyo, anangopala pamwamba ndi mpeni, ndipo m'mawa mwake anapereka mtandawo kwa telala amene ankavutika ndi zidzolo.

Patapita masiku atatu, telalayo anapezeka atafera pa makina ake, zidzolo zitatheratu, khungu lili see ngati la khanda. Mtanda wachiwiri, umenenso unadindidwa n'kupalidwa, unali utapita kale kwa mphunzitsi wamkazi, ndipo nayenso anamwalira. Amene anasambitsa mtembo wake ananong'onezana kuti ngakhale chipsera cha katemera cha paphewa chinali chitafufutika.

Kumjigo, moni wa Nasopo sunayankhidwe.

"Suntheni ndowa yanuyo, amayi," anatero mkazi wa kalipentala. "Ine zipsera zanga ndimazikonda."

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

Kuthawa kukanakhala kuvomera mlandu, ndiponso amuna a m'mudzimo ankasinthana kukhala pamphambano, maso ali pakhomo pake. Nasopo anayamba kutaya m'chimbudzi mtanda uliwonse wodindidwa, koma kukacha wina unkakhala utadindidwanso. Ataona kuti mashelefu akutha, anasankha mtanda umodzi wosalala, naukulunga m'kansalu ndi kuumanga pachifuwa pake kuti usadindidwe. Anayamba kumusambitsa mwanayo ndi madzi okha.

Mlamu wake, mlongo wa malemu mwamuna wake, anabwera kudzakhala naye. Anawaza phulusa pansi m'kachipindako, natseka chitseko ndi loko, kiyi n'kumuvala m'khosi. Kum'bandakucha mlamuyo anamva phokoso lofewa kuseri kwa khoma, ngati la munthu wokanya dongo lonyowa.

"Mlamu, mukumva?"

Nasopo anali m'tulo tofa nato, thupi lili zii.

Kutacha anapeza loko ali chitsekere, phulusa lopanda phazi, koma mitanda itatu yotsalayo inali yodindidwa.

Milungu iwiri ya madzi okha inamutha mwanayo. Zilonda za m'mikono zinkamatirira ku malaya, ndipo thupi linayamba kutentha. Kupanga sopo wina kukanatenga milungu isanu ndi umodzi, imene mwanayo analibe. Madzulo a tsiku lakhumi ndi chisanu, Nasopo anamukhazika m'beseni la madzi ofunda.

"Amayi, zikuyabwa. Ndisambitseni ndi sopo wathu."

Nasopo anamasula kansalu ka pachifuwa. Mtandawo unali ndi chidindo.

"Koma sunachoke pathupi panga!"

Mlamu anautenga, napita nawo pazenera pamene kuwala kunali kusanathe. Anauyang'anitsitsa nthawi yaitali. Pakati pa mizere ya chalacho panadutsa kanjira kokhota.

"Mlamu, tambasulani dzanja lanu lamanja."

Pa chala chachikulu cha Nasopo panali chipsera chokhota, pamene soda wopangira sopo anamuwotcha akuphunzira kumene. Mlamu anachigwira chalacho ndi kuchiika m'chidindomo. Chinalowa ndendende.

"Ine sindidzuka ndikagona," anatero Nasopo ndi mawu osweka. "Inu nomwe ndinu mboni."

"Thupi lanu ndilo silidzuka."

Mlamu anaponya sopoyo pansi, nabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo. Kunja, amuna a pamphambano anali ataimirira.

"Mwana wa achimwene, tuluka m'madzimo. Bwera kwa ine, msanga!"

"Ayi, azakhali, inu mumagwira mopweteka. Amayi okha ndiwo amadziwa."

Mwanayo anatembenuka m'besenimo, natambasula timikono take ta zilonda kwa mayi ake. Nasopo anagwada pamenepo, manja onse awiri atawapanikiza kumsana, ndipo anamva chala chachikulu chija chikuyamba kugwedezeka chokha.